Pakhomo Pathu: Dzira Ligwe Koma Lisasweke



M'kope lino ndakutengerani ntchito yoti ana athu achite pa tchuthi, kaya pakhomo, kaya pabwalo la madrasa akaweruka. Ntchito yake ndi iyi: ana apatsidwe dzira limodzi la nkhuku, ndipo alipangire chotetezera kuchokera ku zinthu zomwe zili kale pakhomo, kuti likagwetsedwa kuchokera m'mwamba mamita 2 likafike pansi lamphumphu. Pasakhale chogula kugolosale. Pasakhale woliwakha. Ligwe ndithu, koma lisasweke.

Ndikudziwa kuti amayi ena pofika apa agwira kale pakamwa. Dzira? Kuseweretsa dzira? Kwathu kuno dzira si chidole. Dzira ndi ndiwo ya mlendo wofika mwadzidzidzi. Dzira ndi mchere, ndi sopo, ndi cholembera cha mwana wa sukulu. Mukalisiyira make masiku 21, dzira ndi nkhuku ya chaka chamawa. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo ndiliyankha kutsogoloku, pakuti tonse tikudziwa kuti kuwononga chakudya n'koletsedwa. Koma poyamba ndiloleni ndifotokoze chomwe mwana angatole m'masewera amenewa, chifukwa n'chachikulu kuposa dzira.

Kodi si za ana a olemera?

M'masukulu ambiri a ku America ndi ku Ulaya, aphunzitsi a sayansi amapereka ntchito imeneyi chaka ndi chaka. Ana akumeneko amasonkhanitsa mabaluni, selotepi, thonje la m'sitolo ndi timapaipi tomwera zakumwa. Munthu wa ku Kachulu akamva mndandanda umenewo amangoti, basi, izo n'za eni ndalama.

Koma tayang'anani pabwalo panu. Pali mankhusu a mpunga omwe amangounjikika kuchigayo. Pali makoko a chimanga, mapesi ndi zitsononkho. Pali masamba ouma a nthochi, pali luzi, pali mlaza. Kudambo kuli bango ndi njedza zosawerengeka. Kuseri kwa nyumba kuli chubu chakutha cha njinga, chigubu chobooka ndi chidutswa cha ukonde umene bambo anausiya. Ndikunenetsa kuti mwana wa kwa Mwambo, wa kwa Kuntumanji kapena wa pachilumba cha Chisi sakuchepekedwa zipangizo. Chomwe chimapambana pa mpikisano uwu ndi mutu, osati thumba.

Chimene chimaswa dzira

Funsani mwana kuti, "Kodi chimaswa dzira n'chiyani?" Ayankha mosachedwa kuti kugwa. Mufunseninso kuti, "Nanga pamene lili m'malere, likutsika, limakhala litasweka kale?" Apa aganiza kaye. Dzira silisweka pamene likugwa. Limasweka pamene laima, ndipo chomwe chimaliswa ndi kuima mwadzidzidzi.

Mfundo imeneyi tonse timaidziwa ndi thupi, ngakhale sitinaiike m'mawu. Mnyamata akadumpha kuchokera pachulu amapinda mawondo pofika pansi. Atati afike miyendo ili chiwongolere, msana ungamuuze. Amisiri omanga nyumba akamaponyerana njerwa, wowakhayo salimbitsa manja. Amawalola kuti abwerere m'mbuyo pamodzi ndi njerwayo. Msodzi akalumpha m'bwato n'kuponda matope samva kupweteka, koma akaponda mwala amatsimphina. Liwiro ndi lomwelo, kulemera ndi komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti matope amamuimitsa pang'onopang'ono, pomwe mwala umamuimitsa nthawi imodzi.

Tsopano tiyeni tiwerengetsere, ndipo ana a Sitandade 7 ndi 8 atithandize. Chinthu chogwa kuchokera pa mamita 2 chimafika pansi pasanathe sekondi imodzi, chikuthamanga pafupifupi makilomita 22 pa ola, ngati njinga yopalasidwa mwamphamvu. Pali lamulo losavuta lotiuza kukula kwa nkhonya imene dzira limalandira. Tengani mtunda umene lagwa, muugawe ndi mtunda umene layenda kuchokera pomwe layamba kugunda mpaka pomwe laimiratu. Yankho lake likuuzani kuti nkhonyayo yaposa kulemera kwa dziralo kangati.

Dzira limalemera pafupifupi magalamu 50. Mamita 2 ndi mamilimita 2,000. Pasimenti dzira limaima mkati mwa milimita imodzi yokha, ndiye kuti 2,000 kugawa ndi 1. Nkhonya yake ndi magalamu 50 kuchulukitsa ka 2,000, omwe ndi makilogalamu 100. Kumeneko n'kusanjika matumba awiri a chimanga pa dzira limodzi! Chigoba cha dzira n'chopyapyala, sichifika ndi theka lomwe la milimita, ndipo mukachipana pakati pa matabwa awiri chimang'aluka ndi katundu wa makilogalamu 3 mpaka 5.

Nanga likagwera pa chinthu chimene chimagonja? Likaima mkati mwa masentimita 2, nkhonya imatsika kufika pa makilogalamu 5. Pamenepo dzira lili pakati pa moyo ndi imfa. Likaima mkati mwa masentimita 5, nkhonya ndi makilogalamu 2 okha. Mkati mwa masentimita 10, kilogalamu imodzi. Mwaona? Sitinasinthe dzira, sitinasinthe kutalika. Tangolipatsa mpata woti liime mwaulemu.

Chenjerani pa chinthu chimodzi. Masentimita amene tikuwerengawa si kuchindikala kwa zomwe mwayala, koma kuzama kumene zoyalazo zimalowa zikagundidwa. Mankhusu ozama masentimita 10 mwina angalowe ndi theka lokha. Choncho yalani mowolowa manja.

Nzeru zitatu

Aliyense wopanga chotetezera dzira ali ndi njira zitatu, ndipo wanzeru amaziphatikiza.

Yoyamba ndi kuchepetsa liwiro dzira lisanafike pansi. Tsamba louma limagwa mochedwa kuposa mwala chifukwa mpweya umaligwira. Nsalu kapena pepala lotambasuka pamwamba pa katundu, lomwe amati parachuti, limagwira ntchito yomweyo.

Yachiwiri ndi imene tawerengetsera ija: kutalikitsa kaimidwe. Pansi pa dzira pakhale chinthu chimene chimalowa, chimakhwinyata kapena kuthyoka m'malo mwa dziralo. Apa ambiri amaphonya m'njira ziwiri. Ena amayala zofewa kwambiri, ngati thonje lochepa, ndipo dzira limangopyola n'kukagunda pansi pa chitini. Ena amatsendera mankhusu mpaka kulimba ngati njerwa, ndipo nkhonya yonse imadutsa n'kukafika pa dzira. Chofunika chili pakati, ndipo pakati pamenepo sipapezeka poganiza chabe, koma poyesa.

Yachitatu ndi kugawa mphamvu kuti isagwere pamalo amodzi. Amayi amadziwa chifukwa chake amaika nkhata pamutu posenza mtsuko. Madzi sachepa kulemera, koma nkhata imagawa katunduyo mozungulira, m'malo moti atsamire pa liwombo pokha. Dzira nalonso likafumbatidwa mofanana mbali zonse limapirira zambiri, koma kamwala kakang'ono kakaligunda pamalo amodzi latha. Motero m'chotetezera chanu musakhale mfundo ya chingwe, nsonga ya bango kapena kanthu kalikonse kolimba kokhudza chigoba. Ndiponso dzira lisamagwedere m'katimo. Mukagwedeza n'kumva kuti likuyenda, ntchito sinathe.

Ligone kapena liime?

Kwa zaka zambiri aphunzitsi ndi mabuku akhala akunena kuti dzira ndi lolimba kwambiri kunsonga, choncho liziikidwa choimirira. M'chaka cha 2025 gulu la akatswiri a pasukulu yaukachenjede ya Massachusetts Institute of Technology ku America, motsogozedwa ndi Pulofesa Tal Cohen, linafalitsa zomwe linapeza poyesa ngati zimenezi n'zoona. Anagwetsa mazira 180 pa malo olimba kuchokera pa mamilimita 8, 9 ndi 10, ena choimirira, ena chogona. Anapeza kuti mazira ogwa chogona cham'mbali ndiwo amasweka mochepa. Chifukwa chake n'chakuti m'mimba mwa dzira chigoba chimagonjako pang'ono chisanang'aluke, monga mawondo aja, pomwe kunsonga n'kouma gwa.

Pali maphunziro awiri pamenepa. Loyamba, goneka dzira lako cham'mbali. Lachiwiri ndi lalikulu: chinthu chimene anthu ophunzira anachibwereza zaka ndi zaka chinagwa pamene wina anatenga mazira n'kuyesa. Katswiri wakale Ibn al-Haytham, amene anabadwira ku Basra cha m'ma 965 ndi kumwalira ku Cairo cha m'ma 1040, amakumbukiridwa chifukwa cha khalidwe lomweli. Pofufuza za kuwala ndi kapenyedwe ka diso, sanakhutire ndi zomwe anawerenga kwa akale, koma anaziyesa yekha.

Mapangidwe atatu oyambira

Sindikufuna kuti ana angokopera zanga, koma nazi njira zitatu zoti ziwatsegule mutu.

Chisa. Dulani kukamwa kwa botolo lapulasitiki la malita 2 kapena kachigubu kakutha. Thirani mankhusu a mpunga kuzama kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kulungani dzira m'kasanza, muligoneke pakati, ndipo mudzaze mankhusu ena m'mbali ndi pamwamba. Tsekani ndi nsalu, mumange ndi luzi. Agogo akaona adzaseka, chifukwa umu ndi momwe anthu akhala akunyamulira mazira kupita nawo kumsika wa Jali kapena ku Zomba kuyambira kale, m'chitini cha madeya kapena mankhusu. Vuto la chisa ndi ili: m'botolo lotere dzira logona limatsala pafupi ndi khoma, ndiye botolo likagwa cham'mbali chitetezo chimachepa. Mankhwala ake ndi mchira. Mangani kansalu kotalika ngati mkono pamwamba pake. Mpweya udzakoka mchirawo m'mwamba ndipo botolo lidzafika pansi ndi thako.

Mono. Ana a asodzi amadziwa kuluka mono. Pangani kakhola ka bango kapena mapesi, kotalika ngati masentimita 30 mbali iliyonse. Ikani dzira m'sokosi yakutha kapena m'kachidutswa ka ukonde, ndipo mulilendeweretse pakatikati ndi malegeni anayi kapena asanu ndi limodzi okokera kumakona. Kakhola kakagunda pansi, bango limapindika kapena kuthyoka, malegeni amatamuka, ndipo dzira limangovina pakati osakhudza kanthu. Ana adzazindikira msanga kuti kakhola ka makona anayi kamapendama, koma ka makona atatu kamalimba, monga momwe akalipentala amakhomera mitengo ya denga. Onetsetsani kuti palibe bango loloza dzira ngati mkondo. Malegeni akalekerera, dzira lidzagunda pansi. Akakungika kwambiri, lidzalandira nkhonya yonse.

Chokulungira mtedza. Pindani pepala lolimba, kaya la nyuzipepala zingapo kaya la thumba la simenti, monga amachitira ogulitsa mtedza wokazinga, koma lalitali ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala. Kunsonga kukhale kopanda kanthu kapena muikemo makoko ochepa a chimanga. Dzira likhale kumtunda, litazingidwa ndi masamba ouma a nthochi. Likagwa chansonga, pepala limakhwinyata pang'onopang'ono ndipo dzira limapulumuka. Pepalalo lawonongeka, inde, koma ndiyo ntchito yake. Kuti ligwedi chansonga, limafuna mchira kapena parachuti.

Parachuti yake ipangeni ndi pulasitiki ya m'kati mwa thumba la feteleza yotsukidwa bwino, kapena chitenje chakutha chopepuka. Dulani masentimita 50 mbali zonse zinayi, mumange zingwe zinayi zofanana kutalika m'makona, ndipo mubowole kabowo kakang'ono pakati kuti isamayendeyende uku ndi uku. Koma dziwani kuti pa mamita 2 parachuti imakhala isanatambasuke bwino dzira likamafika pansi. Phindu lake limaoneka kutalika kukawonjezeka. Amene adalira parachuti yokha n'kuiwala zoyala pansi adzadya dzira lokazinga msanga.

Kuyesa popanda kuwononga

Tsopano ndibwerere kwa amayi aja. Mpikisano wonse ungathe kuchitika popanda dzira ngakhale limodzi lotayika, mukatsata makwerero atatu awa.

Poyamba ana ayese ndi dzira la dongo. Aumbe dongo lofewa m'maonekedwe a dzira, alisalaze bwino, ndipo aliike m'chotetezera chawo lisanaume. Akagwetsa, atsegule ndi kuona. Ngati dongo laphwatalala mbali imodzi, nkhonya inali yaikulu ndipo inadzera kumeneko. Ngati pali kachibowo, pali chinthu chosongoka chimene chikulasa. Dzira la dongo limanena zambiri kuposa dzira lenileni, chifukwa lenileni limangoti lasweka kapena silinasweke, pomwe la dongo limaonetsa malo ndi kukula kwa vuto. Akhoza kuliumbanso kakhumi osalipira kanthu.

Kachiwiri, dongo likayamba kutuluka losalala, ayese ndi dzira lowiritsa. Likang'aluka, mng'alu uoneka, ndipo dziralo lisendedwa ndi kudyedwa pomwepo ndi kamchere.

Kachitatu, pa tsiku la mpikisano, dzira laliwisi limangidwe kaye m'kajumbo koyera lisanalowe m'chotetezera. Likasweka, zonse zitsala m'kajumbomo. Muchotsa zigoba ndi kukazinga nthawi yomweyo. Ana akhale m'magulu a anayi kapena asanu, gulu lililonse dzira limodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndiponso mazira asanu akwanira ana oposa 20.

Ana inu, tamverani. Dzira lipemphedwe kwa amayi, lisatoledwe mwakachetechete m'chikwere. Musatenge dzira limene nkhuku ikufungatira. Musagwiritse ntchito dzira losukusa poganiza kuti mukupulumutsa labwino. Fungo lake lidzabalalitsa mpikisano, ndipo muli tizilombo toyambitsa matenda. Musadule neti yogonamo kuti mupange parachuti, chifukwa udzudzu wa kunyanja kuno mukuudziwa. Mukagwira dzira laliwisi sambani m'manja ndi sopo, ndipo mukatha tolani mapulasitiki onse kuti asakathere m'mimba mwa mbuzi kapena m'nyanja.

Malamulo a mpikisano

1. Zipangizo zonse zikhale zopezeka pakhomo, kumunda kapena kudambo. Chogula sichiloledwa.

2. Chotetezera chisakule kuposa ndowa, kupatula mchira kapena parachuti.

3. Dzira lizitha kulowa ndi kutuluka mosavuta kuti woweruza alione.

4. Wogwetsa akhale munthu wamkulu mmodzi yemweyo. Mwamuna wamkulu akaimika mkono amafika pafupifupi mamita 2. Angotsegula dzanja, osaponya.

5. Opambana pa mamita 2 apite pa mamita 3, kenaka 4. Pamenepa mugwiritse ntchito nsungwi yaitali yokhomedwa msomali kunsonga: kolekani chotetezeracho pamsomali, imikani nsungwi, ndipo muipendeketse kuti chigwe.

6. Mwana asakwere mumtengo wa mango, padenga kapena pakhoma. Dzira likasweka tikazinga. Mwendo wa mwana ukathyoka ndi ulendo wa kuchipatala chachikulu ku Zomba.

7. Pansi pakhale polimba, ngati pabwalo lopondedwa kapena pakhonde lasimenti.

Lamulo lomalizali lili ndi chifukwa chake. Mu 1994 munthu wina dzina lake David Donoghue anagwetsa mazira opanda chotetezera chilichonse kuchokera mu helikopita, mamita 213 m'mwamba, pa kapinga wa bwalo la gofu ku Blackpool m'dziko la England, ndipo panapezeka dzira losasweka. Udzu ndi dothi lofewa ndizo zinagwira ntchito. Choncho mukagwetsera pamchenga kapena paudzu, wopambana ndi mchengawo, osati mwana.

Gulu lililonse likhale ndi kope. Alembe zipangizo zomwe agwiritsa ntchito, kutalika, ndi zomwe zachitika. Akafuna kukonza, asinthe chinthu chimodzi chokha n'kuyesanso. Akasintha mankhusu, mchira ndi botolo nthawi imodzi, sadzadziwa chomwe chathandiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga phindu lake n'chiyani?

Wina afunsa kuti, kodi mwana adzadya kugwetsa mazira? Tiyeni tione kumene nzeru yomweyi yafika.

Thireyi ya mazira imene timaiona m'magolosale ili ndi mbiri yake. Mu 1911 mkonzi wa nyuzipepala wa ku British Columbia m'dziko la Canada, Joseph Coyle, anamva mkangano pakati pa mlimi ndi mwini hotela chifukwa cha mazira omwe ankafika osweka. Iye anapanga katoni yokhala ndi timaenje, dzira lililonse m'chipinda chake, losagundana ndi linzake. Nzeru ya nkhata ija basi.

Pa 4 July 1997 chombo cha bungwe la NASA chotchedwa Mars Pathfinder chinatera pa pulaneti ya Mars. Kunalibe munthu woti achiwakhe. Akatswiri anachichepetsa liwiro ndi parachuti ndi maroketi, kenaka anachizinga ndi matumba akuluakulu odzaza mpweya. Chinagunda pansi n'kunjanja ngati mpira maulendo osachepera 15, ndipo chitaima, kagalimoto kakang'ono kotchedwa Sojourner kanatuluka kali bwinobwino. Njira yomweyo anaigwiritsanso ntchito mu 2004 potsitsa magalimoto ena awiri, Spirit ndi Opportunity.

Kuno ku Africa, mu 2016 kampani ya Zipline inayamba kutumiza magazi kuzipatala za kumidzi ku Rwanda pa ndege zazing'ono zopanda woyendetsa. Ndegeyo ikafika pamwamba pa chipatala inkagwetsa bokosi lokhala ndi parachuti yapepala, thumba la magazi lili m'kati litakulungidwa bwino. M'dziko lathu lino, mu 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF linatsegula malo oyesera ndege zoterezi ku Kasungu. Ife amene tinaona madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 akudula misewu ndi milatho, tikudziwa kufunika kwa katundu amene angatsike kuchokera kumwamba osawonongeka.

Koma chitsanzo chimene chili pafupi kwambiri ndi ife chili pamsewu. Anyamata athu ambiri ali pa kabaza wa njinga zamoto, ndipo ena amamangirira helemeti kumbuyo ngati chokongoletsera. Mutu wa munthu ndi dzira: chigoba kunja, zofewa m'kati. M'kati mwa helemeti muli chinthu choyera chopepuka chimene chimaphwanyika pa ngozi kuti mutu uime pang'onopang'ono, ndipo chikopa chake cholimba chimagawa nkhonya. N'chifukwa chake helemeti imene yagundapo kwambiri iyenera kusinthidwa ngakhale kunja ikuoneka yabwino, monga pepala lathu lija lomwe likakhwinyata silitetezanso. Mwana amene waona ndi maso ake dzira lopanda chitetezo litamwazika pa mamita 2, pa liwiro la makilomita 22 okha pa ola, simudzavutika kumuuza kuti avale helemeti ndi kumanga lamba wake.

Mawu kwa makolo

Nyanja yathu ya Chilwa ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Akuluakulu akukumbukira kuti inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anatsala pamatope ouma ku Kachulu. Nthawi zoterozo matemba, makumba ndi milamba zimasowa, ndipo banja limene limadziwa ukonde wokha limagona ndi njala. Ana athu adzafunika manja odziwa kupanga ndi mitu yodziwa kufunsa.

Luso limenelo si lachilendo kuno. Anthu amene anaganiza zomanga zimbowera pamwamba pa njedza zoyandama, n'kumagona ndi kuphika pakati pa nyanja, ndi akatswiri ngakhale alibe satifiketi. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusidwa ndi mphepo opangira magetsi, pogwiritsa ntchito njinga yakutha, mapaipi apulasitiki, zitsulo zotola kudzala ndi mitengo ya bulugama. Anthu ankamuyesa wamisala mpaka tsiku limene babu linayaka.

Choncho, bambo, mukaona mwana akutola malegeni ndi bango, musafulumire kumuthamangitsa. Khalani naye pansi, koma manja anu akhale kumbuyo. Ntchito yanu ndi kufunsa: "Ukuganiza kuti chigwa chotani? Nanga chikagwa cham'mbali? Dongo laphwatalala pati?" Mukamupangira, dzira lidzapulumuka koma mwana sadzatola kanthu. Likasweka musamuseke, ndipo abale ake asamuseke. Mufunseni kuti mawa asintha chiyani.

Mayi, atsikana asatumidwe kumjigo pamene anyamata akumanga. Mtsikana amene amasenza mtsuko pa nkhata ndi kulongedza mazira m'madeya ali kale patsogolo pa mlongo wake pa phunziro limeneli. Apatsidwe mpeni, luzi ndi kope mofanana. Agogo nawonso afunsidwe momwe ankalongedzera miphika yadothi ndi udzu popita nayo kumsika, pakuti safunsa anadya phula.

Aphunzitsi anzanga, masana amodzi a Loweruka ndi okwanira. Lengezani sabata imodzi isanakwane kuti magulu akonzekere ndi mazira awo a dongo, ndipo pemphani kholo limodzi libwere ndi chiwaya, mafuta pang'ono ndi anyezi. Osweka akazingidwe, opulumuka abwerere kwa eni ake. M'mera mpoyamba.

Mukachita mpikisanowu, tilembereni kudzera kwa mkonzi. Mutiuze mudzi wanu, zipangizo zomwe zinapambana, ndi kutalika kumene dzira linapirira. Ndikufunitsitsa kumva makamaka kwa amene ayesa njedza zouma poyerekeza ndi mankhusu a mpunga, ndi amene apeza njira yachinayi imene sindinaitchule. Makalata abwino tidzawasindikiza m'kope likudzali, Inshaallah.